Mafunso a Owerenga: Maboma akale akukana kuchoka pa fomu yanga

Makalata atatu a mwezi uno achokera kwa anthu osadziwana, koma onse akulira chinthu chimodzi: mndandanda wa pa tsamba la intaneti womwe umayenera kusintha munthu akadina kapena akalemba mawu, koma ukuchita zofuna zake. Ndawaika pamodzi chifukwa yankho la kalata yoyamba likuthandizanso enawo.

FUNSO: Zikomo bambo. Ndine mnyamata wa ku Mchinji, ndikuphunzira ndekha kupanga mawebusaiti. Akuluakulu a kumpingo kwathu andipempha kuti ndikonze fomu yolembetsera makwaya omwe adzabwere ku msonkhano wa achinyamata. Pa fomupo pali mabokosi awiri osankhira, la chigawo ndi la boma. Munthu akasankha Chigawo cha Pakati, maboma 9 akubwera bwinobwino. Koma akasintha maganizo n'kusankha Kumpoto, maboma 6 a kumeneko akungowonjezekera pansi pa oyamba aja, moti Chitipa ikukhala pansi pa Salima. Ndikugwiritsa ntchito boma.innerHTML += pothira dzina lililonse. Ndinayesa kumayamba ndafufuta akalewo ndi for, kuchotsa limodzilimodzi kuyambira loyamba, koma ena akuchoka ena akutsala. Dowa, Lilongwe, Nkhotakota ndi Ntchisi sakusuntha zivute zitani. Kodi laputopu yanga ili ndi vuto?

YANKHO: Achimwene, laputopu yanu ilibe mlandu. Ndipo mwachita bwino kutchula maboma omwe akutsalawo, chifukwa mayina anayiwo andiuza pomwe pali vuto ndisanaone n'komwe code yanu yonse.

Tiyambe ndi += uja. Chizindikiro chimenechi chimauza browser kuti itenge zomwe zilipo kale, iwonjezerepo zatsopano. Palibe pomwe munaiuza kuti ichotse Salima, ndiye ikungochita zomwe mwaituma. Komanso mukuithyola msana mosadziwa. Nthawi iliyonse mukalemba innerHTML +=, browser imatenga zonse zomwe zili m'bokosimo n'kuzisandutsa mawu, imalumikizako mawu anu atsopanowo, imagumula zonse, kenako n'kumanganso kuyambira pachiyambi. Maboma a Kummwera alipo 13, ndiye kuti kugumula ndi kumanga maulendo 13. Pa maboma okha simungamve kulemera kwake, koma tsiku lomwe mudzachite zimenezi ndi mayina 2,000 pa foni ya RAM yochepa, foniyo idzauma gwa.

Tsopano za for wanu. Mndandanda womwe boma.options imakupatsani ndi wamoyo: mukachotsa dzina limodzi, otsalawo amasendera kutsogolo nthawi yomweyo. Poyamba Dedza ili pa malo 0, Dowa pa 1, Kasungu pa 2. Mwachotsa Dedza. Dowa yasendera pa 0, Kasungu pa 1. Koma for wanu wapita kale pa 1, ndiye akuchotsa Kasungu, Dowa n'kupulumuka. Kenako Mchinji yanu ikupita, Lilongwe n'kutsala. Amangodumpha chomwecho mpaka kumapeto. Mukanawerenga chobwerera m'mbuyo, kuyambira Salima kupita kwa Dedza, zikanatheka. Koma palibenso chifukwa chowerengera.

Onani mmene mphunzitsi amachitira ndi bolodi. Phunziro lili m'kope lake. Ikakwana nthawi ya masamu, safufuza pa bolodi kuti ndi mawu ati a Chichewa omwe angatsale. Amafufuta lonse, n'kulemba zatsopano kuchokera m'kopemo. Tsamba lanu ndi bolodi, ndipo kope lake muyenera kulilemba padera:

const maboma = {
  kumpoto: ["Chitipa", "Karonga", "Likoma", "Mzimba", "Nkhata Bay", "Rumphi"],
  pakati: ["Dedza", "Dowa", "Kasungu", "Lilongwe", "Mchinji", "Nkhotakota", "Ntcheu", "Ntchisi", "Salima"],
  kummwera: ["Balaka", "Blantyre", "Chikwawa", "Chiradzulu", "Machinga", "Mangochi", "Mulanje", "Mwanza", "Neno", "Nsanje", "Phalombe", "Thyolo", "Zomba"]
};

function dzazaMaboma() {
  const mayina = maboma[chigawo.value] || [];
  const atsopano = mayina.map(dzina => new Option(dzina, dzina));
  boma.replaceChildren(new Option("Sankhani boma", ""), ...atsopano);
}

chigawo.addEventListener("change", dzazaMaboma);
dzazaMaboma();

Ntchito yonse ikugwiridwa ndi replaceChildren: imachotsa zonse zomwe zili m'bokosi n'kuikamo zomwe mwaipatsa, kamodzi n'kamodzi. Timadontho titatu tija timamwaza mayinawo kuti alowe limodzilimodzi. Ka || [] kaja n'kotchingira nthawi yomwe munthu sanasankhe chigawo chilichonse; mukakachotsa, code imaima pomwepo chifukwa palibe mayina oti iwerenge. Mzere womalizawo ambiri amauiwala. Munthu akadina batani lobwerera m'mbuyo, browser ina imamubwezeretsera chigawo chomwe anasankha kale, ndiye ngati simunaitane function yanu tsamba likamatseguka, angapeze chigawo chalembedwa Pakati koma bokosi la maboma lili mbee.

Musachotse "Sankhani boma" uja. Popanda iyeyu, boma loyamba pa mndandanda limakhala losankhidwa lokha, ndipo anthu othamanga sadzaona. Mudzadabwa kuti makwaya a Kummwera theka lonse akuchokera ku Balaka.

Chenjezo limodzi. replaceChildren ndi yatsopano ndithu: inalowa mu Firefox 78, Safari 14 ndi Chrome 86, zonsezi m'chaka cha 2020. Atsogoleri a makwaya ambiri adzadzaza fomu yanu pa foni, ndipo alipo ambiri omwe anazimitsa ma update kalekale poopa kuti bandulo itha. Ngati mukufuna kuti ngakhale mafoni otero asatsale, fufutani ndi boma.options.length = 0, kenako thirani dzina lililonse ndi boma.add(new Option(dzina, dzina)). Njira imeneyi ndi yakale kwambiri ndipo imagwira paliponse, koma ndi ya mabokosi osankhira okha. Pa mndandanda wamba wa ul, lembani mndandanda.textContent = "" ndipo zonse zichoka.

Kusunga mayina pamalo amodzi kudzakuthandizaninso kutsogolo. Maboma athu sanakhale 28 chiyambire. Neno inapatulidwa ku Mwanza, Likoma ku Nkhata Bay. Likadzabadwa lina, mudzangowonjezera dzina limodzi. Ndipo fomu ikafika pa seva, kaonetsetseninso kumeneko kuti boma likugwirizana ndi chigawo, chifukwa zomwe zachokera ku browser munthu angathe kuzisintha mmene akufunira.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Limbe, ndimagulitsa zitenje. Tsamba langa ndinalipanga ndekha poonera mavidiyo a pa YouTube. Lili ndi mndandanda wa zitenje, chilichonse ndi batani lake loti "Ikani m'dengu". Tsamba likangotseguka mabatani onse amagwira. Koma kasitomala akasefa kuti aone zotsika mtengo zokha, mndandanda umasintha bwino, mabatani n'kufa. Ndinayesa kulemba onclick m'kati mwa mawu omwe ndimapatsa innerHTML, zinagwira, kupatula chitenje chimodzi chomwe ndinachitcha "Cha ng'oma". Chimenecho batani lake silimva kanthu. Ndikufunanso kuti makasitomala azitha kulemba ndemanga zawo zizioneka pansi pa chitenje chilichonse. Ndithandizeni.

YANKHO: Mayi, mabataniwo sanafe. Omwe mukuwaona kasitomala akasefa ndi ena, ongobadwa kumene. Tsamba likamatseguka, code yanu imayenda pa batani lililonse n'kuliuza chochita likadinidwa. Mukasintha innerHTML, mabatani onsewo amatayidwa pamodzi ndi malangizo awo, n'kubwera ena ofanana nawo maonekedwe koma omwe sanauzidwe kanthu.

Ena amathana nazo pobwereza malangizowo nthawi iliyonse mndandanda ukasintha. Zimagwira, koma ine sindizikonda, chifukwa tsiku lina mudzawonjezera kasefedwe kena n'kuiwala kubwereza. Njira yabwino ndi kupereka malangizo kamodzi kokha kwa mndandanda weniweniwo, ul uja, yemwe sachoka ngakhale za m'kati mwake zisinthe motani. Munthu akadina batani, uthenga wa kudinako umakwera kuchoka pa batani kupita pa li (mzere wa chitenjecho), kenako pa ul, mpaka pamwamba pa tsamba. Ndiye ul angathe kuulandira n'kufunsa kuti wachokera pa batani liti:

mndandanda.addEventListener("click", e => {
  const batani = e.target.closest("button");
  if (batani) ikaniMdengu(batani.dataset.nambala);
});

Za "Cha ng'oma" ndaseka pang'ono, mundikhululukire, chifukwa limeneli ndi vuto lathulathu. Omwe amapanga mavidiyo aja amayesera code yawo ndi mayina opanda nkhodolero, pomwe ife nkhodolero ili ponseponse: ng'oma, ng'ombe, m'dengu, n'chiyani. Mu JavaScript, kachizindikiro komweko kamagwiranso ntchito ya mitengero. Mukalemba gula('Cha ng'oma'), browser imaona ngati dzina lathera pa ng, ndipo oma wotsalayo sikumudziwa. Musasinthe dzina la chitenje chanu pofuna kusangalatsa kompyuta. Lekani kumata mayina m'kati mwa mawu a HTML, muzimanga mzere uliwonse motere:

function mzere(chitenje) {
  const li = document.createElement("li");
  li.textContent = chitenje.dzina + ", K" + chitenje.mtengo + " ";
  const batani = document.createElement("button");
  batani.textContent = "Ikani m'dengu";
  batani.dataset.nambala = chitenje.nambala;
  li.append(batani);
  return li;
}

mndandanda.replaceChildren(...zosefedwa.map(mzere));

Batani likunyamula nambala ya chitenje, osati dzina, ndipo dzinalo likulowa kudzera mu textContent. Kusiyana kwa textContent ndi innerHTML n'kwakukulu. textContent imatenga chilichonse mwaipatsa ngati mawu wamba oti aoneke pa sikirini. innerHTML imawerenga zomwe mwaipatsazo ngati malangizo omangira tsamba. Inabwera ndi Internet Explorer 4 ya Microsoft mu 1997, anthu anaikonda chifukwa ndi yachidule, ma browser ena n'kuitengera, ndipo inadzalowa m'malamulo a HTML patapita zaka zambiri. Si yoipa ayi. Pa mawu omwe mwalemba nokha ndi dzanja lanu, igwiritseni ntchito. Koma pa mawu ochokera kwa munthu wina, ayi ndithu.

Apa ndi pomwe nkhani ya ndemanga ikundidetsa nkhawa kuposa ya mabatani. Tsiku lomwe mudzatsegule bokosi loti aliyense alembemo, mudzakhala mwapatsa alendo mpata wolemba pa tsamba lanu. Ambiri adzalemba kuti chitenje n'chokongola. Mmodzi adzalemba code. Mwina munamva kuti script yolowetsedwa kudzera mu innerHTML siyenda, ndipo n'zoona, koma pali njira zina. Munthu angalembe img yoloza ku chithunzi chomwe kulibe, n'kuikapo onerror, kutanthauza zoti zichitike chithunzicho chikakanika kubwera. Chikanika ndithu, ndipo code yakeyo iyenda pa foni ya kasitomala aliyense wotsegula tsambalo. Angathe, mwachitsanzo, kusintha nambala ya foni yomwe mwalemba kuti anthu azitumizirako ndalama, n'kuikapo yake. Inu mudzangoona kuti malonda sakuyenda.

Vutoli limatchedwa XSS ndipo lagwetsapo akuluakulu. Mu October 2005, mnyamata wina wa ku America, Samy Kamkar, anapeza mpata wolowetsa code pa tsamba lake la pa MySpace, webusaiti yomwe anthu ankachezerapo nthawi imeneyo. Aliyense wotsegula tsambalo ankasanduka mnzake mosadziwa, code ija n'kudzikopera pa tsamba la munthuyo. Tsiku lisanathe inali itafika kwa anthu oposa 1 miliyoni, ndipo MySpace inachita kutseka kaye webusaiti yonse kuti ikonze. Ndemanga zonse zizilowa ndi textContent basi.

Tinthu tiwiri tating'ono. Kusefa kukapanda kupeza chitenje ngakhale chimodzi, lembani mawu oti "Palibe chitenje cha mtengo umenewu", apo ayi kasitomala adzaganiza kuti netiweki yathawa. Ndipo ngati mzere uliwonse uli ndi kabokosi kolembamo chiwerengero cha zitenje zomwe munthu akufuna, dziwani kuti chiwerengerocho chimatayika pamodzi ndi mzerewo. Chisungeni padera mu code nthawi yomwe walemba, kuti mzere ukamangidwanso chibwerere.

FUNSO: Ndine wophunzira wa ku Zomba. Ndapanga tsamba lofufuzira mabuku a mu laibulale ya pasukulu pathu. Munthu akamalemba, chilembo chilichonse chimatumiza fetch ku seva, mndandanda n'kusintha. Pa laputopu yanga zimayenda bwino kwambiri. Koma anzanga pa mafoni akuti akalemba "mbiri", poyamba amaona mabuku oyenera, kenako mndandanda umadumpha n'kuonetsa mabuku ena osagwirizana. Mnzanga wina akuti ndingosiya zonsezi ndiphunzire React, chida chija chomangira masamba ndi JavaScript. Akunena zoona?

YANKHO: Pa laputopu yanu seva ndi browser zili m'nyumba imodzi, yankho limabwera musanaphethire. Pa foni n'zina. Mawu oti "mbiri" ali ndi zilembo zisanu, ndiye mwatumiza mafunso asanu: m, mb, mbi, mbir, mbiri. Palibe lamulo loti mayankho abwere motsatana. Funso la "m" ndiye lolemera kuposa onse, chifukwa mabuku oyamba ndi m ndi ankhaninkhani, ndipo netiweki ikamavuta lingathe kufika pomaliza. Code yanu sifunsa kuti yankholi ndi la funso liti. Imangolandira n'kulemba pamwamba pa yankho loyenera lija.

Mankhwala osavuta ndi kupatsa funso lililonse nambala, n'kukana yankho lililonse lomwe si la funso lomaliza:

let lomaliza = 0;

async function fufuza(mawu) {
  const langa = ++lomaliza;
  const yankho = await fetch("/mabuku?mawu=" + encodeURIComponent(mawu));
  const mabuku = await yankho.json();
  if (langa !== lomaliza) return;
  mndandanda.replaceChildren(...mabuku.map(mzere));
}

Apa mzere ndi function yanu yomanga mzere wa buku lililonse, monga ija ya zitenje. encodeURIComponent uja musamusiye; munthu akalemba mawu okhala ndi & kapena #, popanda iyeyu funso limafika ku seva litaduka. Palinso AbortController, yomwe imaimitsa funso lakale lili m'njira, ndipo ndi yabwino koposa chifukwa foni imaleka kulandira yankho losafunikalo. Iphunzireni mukamaliza izi.

Koma ine ndikadakhala inu ndikadayamba ndi kuchepetsa mafunsowo. Anzanuwo akulipira bandulo pa chilembo chilichonse. Gwiritsani ntchito setTimeout kuti code idikire kaye mamilisekondi 300 munthu atasiya kulemba, ndipo akalembanso chilembo china nthawiyo isanakwane, ifafanizeni ndi clearTimeout iyambirenso. Wolemba mwachangu adzatumiza funso limodzi m'malo mwa asanu. Musafufuzenso chilembo chimodzi chokha. Yambirani pa ziwiri kapena zitatu, ndipo seva izibweza mabuku 20 oyamba, osati onse. Ndipo ngati mabuku a mu laibulale yanu ali mazana ochepa chabe, atengeni mayina onse kamodzi tsamba likamatseguka, muzisefa pa foni pomwepo ndi filter. Mpikisano wa mayankho uja uthera pomwepo.

Pafupi ndi mndandandawo ikani kamzere konena kuti "Mabuku 12 apezeka", kokhala ndi aria-live="polite". Wophunzira wosaona yemwe amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera za pa sikirini sangadziwe kuti mndandanda wasintha pokhapokha mutamuuza chomwecho.

Za React, mnzanuyo akunena zoona theka. Facebook inaitulutsa mu 2013, ndipo maganizo ake ndi omwe ndakhala ndikunena pano: sungani deta padera, tsamba lizingoonetsa zomwe zili mu detayo. Imachenjera poyerekeza mndandanda wakale ndi watsopano n'kusintha pokhapo pomwe pasiyana. Iphunzireni, ntchito zambiri zimaifuna. Koma vuto lanuli siingalithetse, yankho lochedwa limalemba pamwamba pa latsopano ngakhale mu React momwemo, ndipo anzanu adzayenera kuyamba atsitsa React yenijeniyo asanaone buku ngakhale limodzi.

Funsaninso anzanuwo kuti akutsegula ndi browser yanji. Opera Mini ikakhala pa njira yake yopulumutsa data kwambiri, tsamba limatsegulidwa pa maseva a Opera, foni n'kungolandira zotsatira zake zofinyidwa. JavaScript imayendera kumeneko kwa kanthawi kochepa, ndipo kufufuza kotsatira chilembo chilichonse sikugwira. Ndiye bokosi lanu lofufuzira likhale m'kati mwa form yeniyeni yokhala ndi batani loti "Fufuzani", ndipo seva izitha kubweza tsamba lathunthu la zotsatira munthu akadina batanilo. Omwe browser yawo imayendetsa code yanu adzaona mndandanda ukusintha wokha, enawo adzadina batani n'kupeza mabuku omwewo.